Dothi la mkuyu wa mumgolo wodzithirira wokha: misakanizo inayi ndi mmene mungaiyesere ku Zomba

Mkuyu umene tikunena pano si ule waukulu wa m'mphepete mwa mitsinje umene anyani ndi mbalame amalimbirana zipatso zake. Tikunena wa nkhuyu zotsekemera zodya anthu, umene dzina lake la sayansi ndi Ficus carica, wa mitundu ngati Brown Turkey, White Genoa ndi Black Mission. Mitundu imeneyi imabereka popanda kamavu kaja kamalowa m'nkhuyu zakutchire kukasiya mungu, choncho ngakhale mtengo umodzi wokha pakhonde umapatsa zipatso. Kwawo kwa mtengowu ndi kumaiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean ndi kumadzulo kwa Asia, kumene mvula imagwa nthawi yozizira ndipo nthawi yotentha kumakhala gwaa. Kuno ku Zomba zinthu n'zotembenuka. Mvula imakhuthuka kuyambira Novembala mpaka Epulo kukutentha, kenako mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabwera ndi mawawa pamene mtengo wagona ndipo sukumwa madzi. Mizu ya mkuyu ikakhala m'matope masiku angapo imaola.

Mumgolo wodzithirira wokha madzi amakhala pansi, dothi n'kumawakoka kupita nawo m'mwamba monga mmene chingwe cha koloboyi chimakokera palafini. Ndiye dothilo lapatsidwa ntchito ziwiri zosagwirizana: likweze madzi, komanso lisiye mipata ya mpweya. Dothi losalala limakweza madzi bwino koma limatsamwitsa mizu. La mibulu ikuluikulu limapuma bwino koma madzi sakwera. Nkhani yonse ya misakanizo yagona pamenepa, ndipo kwa mkuyu ndi bwino kulakwira kumbali ya mpweya kusiyana ndi kumbali ya madzi.

Yambani ndi mgolo, chifukwa ndiwo umalamula dothi

Tengani mgolo wapulasitiki wa malita 200, muudule pakati. Theka limodzi limakhala lotalika pafupifupi masentimita 45, ndipo kukamwa kwake kumafika masentimita 55 kapena 58. Maonekedwe amenewa amaukomera mkuyu, popeza mizu yake imayenda chammbali kuposa kulowa pansi, komanso madzi okwera okha m'dothi la m'chidebe safika patali kuposa masentimita 30. Mgolo wautali wopapatiza umasiya pamwamba pali gwaa pansi pali chinyontho chosatha. Musagule mgolo umene munali mankhwala kapena oyilo; funsani umene munali zakudya.

Boolani bowo la mamilimita 10 m'mbali, pa masentimita 10 kuchokera pansi. Limeneli ndi lotayira madzi akasefukira. Boolaninso lina pansi penipeni m'mbali momwemo ndipo mulitseke ndi chotsekera cholimba. Ntchito yake muiona mvula ikayamba. Dulani zidutswa zisanu za payipi ya PVC ya mamilimita 110, chilichonse chotalika masentimita 13, muziimike mumgolo. Zitatu ndi mizati chabe. Ziwiri muziboole timabowo tambiri m'mbali, chifukwa zimenezi ndizo zikhale zingwe zokokera madzi. Pamwamba pa mizatiyi ikani thandala lapulasitiki lodulidwa molingana ndi mgolo, kaya kuchokera ku chivundikiro kaya ku beseni lalikulu lakale, loboola timabowo ta mamilimita 6 motalikirana masentimita 5, ndi mabowo awiri aakulu olunjika pa mapayipi awiri aja. Mukatero pakati pa madzi ndi thandala pamatsala mpata wa masentimita 3 wa mpweya. Mpata umenewu musaupeputse, ndiwo mphuno ya mizu yapansi.

Payipi yothirira, ya mamilimita 25 kapena 32, idulidwe mopendeketsa kumunsi kuti isatsekeke, ndipo ichokere pansi mosungira madzi n'kutulukira pamwamba pa dothi. Kukamwa kwake ndi pabowo lotayira lija mangani kansalu ka neti. Madzi odikha amthunzi ndi nyumba ya udzudzu, ndipo palibe nkhuyu yokoma mokwanira kuti muilipire ndi malungo.

Mgolo wotere umasunga madzi okwana malita 25 ndipo umalowa dothi la ndowa zinayi za malita 20. M'misakanizo ili m'munsimu, muyezo umodzi ndi theka la ndowa, malita 10, ndipo msakanizo uliwonse uli ndi miyezo isanu ndi itatu.

Kukonza zosakaniza

Mankhusu a mpunga amapezeka pa zigayo za mpunga za ku Domasi, Songani, Jali ndi madera ena a chigwa cha nyanja ya Chilwa. Aawisi sagwira madzi, amayandama, ndipo amamera mpunga mumgolo. Afunika kuwotchedwa asanduke makala, osati phulusa. Kolezani moto pang'ono pansi, muuvundikire ndi chitini chachikulu choboolaboola chokhala ndi chumuni ya lata, kenako unjikani mankhusu mozungulira. Moto umadya kuchokera m'kati. Pakaoneka mawanga akuda kunja, kokerani mankhusu apansi pamwamba pake. Mulu wonse ukada, yalani ndi fosholo ndipo muthire madzi ambiri nthawi yomweyo. Mukachedwa mupeza phulusa lotuwa, limene limatseka mipata ya dothi ndiponso limachulutsa mchere. Mankhusu owotchedwa bwino amakhala akuda bii, maonekedwe ake osasintha, ndipo amachita khirichikhirichi mukawafumbata.

Makungwa a paini atengeni kumene amacheka matabwa, pa mitengo yodulidwa kale mwachilolezo. Musakasende mtengo wamoyo. Phiri la Zomba lavulidwa kale mokwanira. Aphwanyeni mumtondo wakale kapena ndi hamala, muwasefe pa waya wa nkhuku wa mabowo a mamilimita 13. Zodutsa zonse sungani, zikuluzikulu ndi zafumbi zomwe, koma tolani n'kutaya tizipalapala toyera ta thabwa. Makungwa aawisi amalanda nayitirojeni, ndipo mtengo umachita chikasu ngakhale mwathira feteleza. Aunjikeni, sakanizani ndowa imodzi ya zitosi za nkhuku pa ndowa 10 za makungwa, nyowetsani, ndipo muzitembenuza milungu iwiri iliyonse kwa miyezi iwiri kapena itatu. Akapsa amada ndipo fungo la utomoni limatha. Utuchi si makungwa. Umagwirana ngati phala ndipo umalanda chakudya kwa nthawi yaitali, choncho usalowe mumgolo.

Njerwa zowotcha zosweka za pa uvuni ziphwanyeni zikhale ngati njere za chimanga kapena nyemba, fumbi lake muliseferetu. Sankhani zopsa bwino, zolira ngwee mukazigogoda. Zosapsa zimasungunuka n'kubwerera kudothi. Kompositi akhale wakupsa, wozizira, wosaoneka kuti munali chiyani, wosefedwanso.

Msakanizo woyamba: katondo 4, mchenga 2, manyowa 2

Uwu ndi umene ambiri amauganizira poyamba chifukwa ndi wa ku nazale, ndipo m'machubu a mbande umachita bwino. Mumgolo wodzithirira ndi wosayenera. Katondo amakoka madzi mwamphamvu mpaka pamwamba, mchenga wosalala umalowa m'timipata totsalato, ndipo pakatha miyezi iwiri zonse zimakhala chibuma chimodzi chonyowa. Mtengo umayamba bwino, kenako masamba apansi amachita chikasu n'kuyoyoka, ndipo masana umafota ngakhale dothi lili chinyontho. Mwini wake akaona kufotako amawonjezera madzi, n'kumaliza mtengo. Mukauzula mupeza mizu yabulauni yosendeka khungu ndi fungo la m'ngalande. Makande a kudambo ndi dothi la pachulu amaposa pamenepa kuipa.

Pali vuto lachiwiri. Mkuyu ndi umodzi mwa mitengo imene tinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu timaikonda kwambiri, tomwe tija timachititsa mizu ya tomato, therere ndi fodya kukhala ndi timfundo. Dothi la kudimba limabwera nato. Chifukwa chachikulu chodzalira mkuyu m'chidebe ndi kutithawa, ndiye kutapa dothi la m'munda n'kuitanira mdani m'nyumba.

Msakanizo wachiwiri: mankhusu owotcha 4, kompositi 3, mchenga wa mibulu 1

Wotsika mtengo kuposa yonse, ndipo kwa amene ali kufupi ndi zigayo za mpunga ndi poyambira pabwino. Mpweya umalowa mokwanira, madzi amakwera pang'onopang'ono. Mchenga ukhale wa mumtsinje, wokhakhala, wotsukidwa. Wosalala wopakira pulasitala ayi. Zovuta zake ndi zitatu. Kompositi wochuluka chotere amapitiriza kuola, moti pakatha chaka dothi limatsika ndi masentimita angapo ndipo pansi pamayamba kuterera. N'lopepukanso, ndiye mtengo ukakula mphepo ya mwera imaupendeketsa, mizu n'kugwedezeka. Chachitatu, mankhusu owotcha amachotsa asidi m'dothi kwambiri; akachuluka, masamba anthete amatuluka otuwa, mitsempha yokha yobiriwira, kusonyeza kuti mtengo ukulephera kutenga ayironi. Mu msakanizo uwu musathire laimu kapena phulusa.

Msakanizo wachitatu: makungwa a paini 3, mankhusu owotcha 2, kompositi 2, njerwa 1

Kwa nyengo ya Zomba uwu ndi umene tikuulimbikitsa. Makungwa amachedwa kuola, choncho mipata ya mpweya imakhalapo zaka ziwiri kapena zitatu. Asidi wa makungwa ndi kusowa asidi kwa mankhusu zimachepetsana, n'kufika pafupi ndi pamene mkuyu umakonda, pH (muyezo wa asidi m'dothi) ya pakati pa 6 ndi 7. Njerwa zimapatsa mgolo kulemera, komanso kanjere kalikonse kamamwa madzi m'kati mwake koma kunja kwake n'kusiya mpweya. Kompositi ndiye amalumikiza mibuluyi kuti madzi apeze njira yokwerera. Sakanizani supuni zazikulu 6 za laimu wa dolomite mu ndowa zinayi zonsezo, chifukwa mkuyu umafuna kashiyamu ndi maginiziyamu amene m'makungwa ndi ochepa.

Polakwika pake ndi pamodzi: mukasefa fumbi lonse la makungwa n'kutsala ndi mibulu yokhayokha, madzi sakwera kupitirira chikhatho chimodzi. Mtengo umafota m'mgolo muli madzi odzaza, ndipo mukaona mulingo wa madzi sukutsika masiku atatu kukutentha. Mankhwala ake ndi kubwezera zosalalazo, kapena kusinthanitsa theka la muyezo wa makungwa ndi kompositi. Makungwa oumitsitsa amakananso madzi, ndiye anyowetseni usiku wonse musanasakanize.

Msakanizo wachinayi: coco peat 3, mankhusu owotcha 3, kompositi 1, njerwa 1

Coco peat ndi ufa wa makoko a kokonati umene umabwera kuchokera kunja uli wopanikizidwa ngati njerwa, n'kufufuma ukaviikidwa. Pa kukweza madzi palibe choposa. Mu Okutobala mtengo wa mu msakanizo uwu sudziwa ludzu. Koma ubwino womwewo umasanduka vuto mu Januwale ndi mu Juni, chifukwa dothi silipeza mpata wouma. Ndi wodula, ndipo wina amabwera ndi mchere: muviikeni, tayani madziwo, mubwereze kawiri kapena katatu. Ngati migolo yanu ikhala pansi pa denga loteteza mvula koma pofika dzuwa, msakanizo uwu ndi wabwino. Ngati ikhala pamtetete, khalani pa wachitatu, ndipo coco peat wochepa amene mwagulayo mumusungire mapayipi awiri okokera madzi.

Yesani musanadzale

Makungwa a uyu ndi a uyo sangafanane, kompositinso chimodzimodzi. Choncho miyezo ili pamwambayi ndi poyambira chabe. Mayeso awiri otsatirawa safuna ndalama.

Oyamba ndi a mpweya. Tengani chidebe cha lita imodzi ndendende, boolani mabowo anayi pansi, muwatseke ndi tepi. Dzazani msakanizo wonyowa pang'ono, mugogode chidebecho patebulo katatu kuti ukhazikike koma osatsendera ndi dzanja. Thirani madzi pang'onopang'ono mpaka anyezimire pamwamba, mudikire ola limodzi, muwonjezere ngati atsika. Kenako ikani chidebecho pa mbale, chotsani tepi, chikhe kwa ola lina osachipendeketsa. Madzi otulukawo ndiwo malo amene mpweya walowa. Ayezeni ndi botolo la mwana kapena kapu yolembedwa mizere. Mamililita 150 mpaka 250 ndi abwino kwa mkuyu. Akachepera 100, msakanizowo ndi wotsamwitsa, onjezani mankhusu kapena njerwa. Akapitirira 300, madzi adzavuta kukwera, onjezani kompositi. Msakanizo wa katondo uja mukauyesa chonchi mudzionera nokha timadontho timene umatulutsa.

Achiwiri ndi a kukwera kwa madzi. Dulani kukamwa kwa mabotolo oonekera m'kati a malita awiri, boolani pansi, mudzaze botolo lililonse ndi msakanizo wake kufika masentimita 25. Msakanizowo ukhale wa mbuu, wosanyowa koma wosauma gwaa. Imikani onse m'beseni la madzi akuya masentimita 3 kwa masiku awiri. Mzere wakuda wa chinyontho umaoneka kudzera m'pulasitiki. Mukufuna ufike masentimita 15 mpaka 20, pamwamba n'kutsala pouma pang'ono. Ukafika pamwamba penipeni pakunyezimira, dothilo ndi la mpunga osati la mkuyu. Tapaninso la pakati pa botolo mufinye m'manja: ligwirane, lisiye dzanja lonyowa, koma madzi asachite kuchucha m'zala.

Kudzaza ndi kudzala

Mapayipi awiri okokera madzi aja adzazeni ndi zosalala: coco peat, kapena kompositi wosefedwa wosakaniza ndi mankhusu owotcha muyezo wofanana. Apa pokha ndi pamene mutsendere mwamphamvu ndi mtengo, chifukwa mpata ukatsala pakati madzi amadukira pomwepo. Muunjike zosalalazo zitumphuke ngati kachulu ka masentimita 5 pamwamba pa thandala kuti zilumikizane bwino ndi dothi lapamwamba. Pa thandala ponse yalani chidutswa cha thumba lolukidwa lochapa, choboola pa mapayipi awiriwo, kuti dothi lisagwere m'madzi. Kenako thirani msakanizo wanu pang'onopang'ono, mukuwaza madzi, osapondaponda. Musawonjezere mapayipi okokera madzi poganiza kuti mukuuchitira chifundo mtengo. Awiri akwana, anayi ndi a tomato ndi mpiru.

Ikani mgolo pa njerwa, utalikirane ndi nthaka. Mukatero chiswe, chimene chimakonda makungwa, muchiona msanga chikamamanga njira yake, ndipo mizu siturukira pabowo n'kukalowa pansi pomwe pali tinyongolotsi tija. Pakhale pofika dzuwa maola 6 kapena kuposa.

Nthambi zodzala zidulidwe mu Juni kapena Julayi mtengo utayoyola masamba: zonenepa ngati chala, zotalika masentimita 20 mpaka 25, za mfundo zitatu kapena zinayi. Utomoni woyera wa mkuyu umawotcha khungu makamaka padzuwa, choncho valani magolovesi kapena sambani msanga. Nthambi yopanda mizu isalowe mumgolo wodzithirira, imaolera momwemo. Imeretseni kaye m'chubu cha mchenga ndi mankhusu, ndipo muiwokere mu Seputembala kapena Okutobala mizu itadzaza chubu. Milungu itatu kapena inayi yoyamba thirirani pamwamba, m'munsi muli mopanda madzi. Masamba atsopano akayamba kutuluka ndiye dzazani pa payipi mpaka madzi atulukire pabowo.

Kayendetsedwe ka chaka

Mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala mtengo wamasamba ambiri ukhoza kumwa malita atatu mpaka asanu patsiku. Pisani kamtengo kouma mu payipi m'mawa uliwonse muone mulingo. Madzi akatheratu zingwe zija zimauma, ndipo kudzaza pansi kokha sikuzidzutsa. Muyenera kuthiriranso pamwamba kamodzi. Kusinthasintha kotereku, lero ludzu mawa chigumula, ndiko kumang'amba nkhuyu zikamapsa kapena kuziyoyola zili zanthete. Mgolo wakuda kapena wabuluu umatentha mpaka kupsereza mizu ya m'mbali, ndiye upakeni penti yoyera kapena muukulunge ndi mphasa yakale. Pamwamba pa dothi yalani udzu wouma, osakhudza tsinde.

Mvula ikakhazikika, tsegulani bowo lapansi lija kuti mgolo ukhale ngati chidebe wamba, madzi azingodutsa. Mulitseke mvula ikadukiza sabata yathunthu. Nthawi imeneyi ndi yomwe dzimbiri la masamba limabwera: timadontho tabulauni kunsi kwa tsamba, kenako tsamba lonse kuyoyoka. Tolani masamba ogwa muwawotche, dulirani nthambi zothithikana, ndipo ngati n'kotheka kokerani mgolo kunsi kwa denga kumene dzuwa la m'mawa limafika. Mu Juni ndi Julayi musadzaze madzi. Thirani pang'ono pamwamba dothi likauma kufika pa mfundo yachiwiri ya chala.

Misakanizo yopanda dothi la m'munda ilibe chakudya chokhalitsa. Kuyambira Seputembala mpaka Malichi, mwezi uliwonse kwirirani supuni zazikulu ziwiri za D Compound mozungulira m'mphepete mwa mgolo, kutali ndi tsinde. Feteleza ameneyu ali ndi potaziyamu wambiri kuposa wa chimanga, ndipo potaziyamu ndi amene zipatso zimafuna. Urea ndi zitosi zambiri zimakupatsani mtengo wa masamba ngati mbale koma wopanda nkhuyu. Madzi a manyowa asalowe pa payipi. Kumunsi kulibe mpweya wokwanira, amangowola n'kununkha.

Popeza madzi amayenda chokwera n'kuuma pamwamba, mchere wa feteleza umaunjikana pamenepo. Mukaona zoyera ngati ufa pa dothi, kapena m'mphepete mwa masamba mukupserera, tsegulani bowo lapansi ndipo muthire ndowa ziwiri za madzi pamwamba pang'onopang'ono. M'chilimwe chitani zimenezi kamodzi pamwezi. Amene mumatunga pa mijigo ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa, kumene madzi ena amamveka mchere pakamwa, tsukani kawiri pamwezi, ndipo sungani madzi a mvula a padenga kuti muzitsukira.

Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, mu Julayi, goneketsani mgolo n'kusolola mtengo ndi dothi lake. Mupeza mizu itazungulira m'mbali ngati nkata, ina italowa m'mapayipi okokera madzi mpaka kuwatseka. Dulani ndi chikwanje chakuthwa masentimita 5 kuzungulira konse ndi pansi pomwe, yang'anani ngati pali timfundo totupa, tsukani mosungira madzi, dzazaninso mapayipi ndi zosalala zatsopano, ndipo mubwezere mtengo ndi msakanizo watsopano m'mbali. Nthambi zidulidwenso ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kuti zilingane ndi mizu yotsalayo, ndipo milungu itatu yoyamba thirirani pamwamba monga munachitira podzala.